Kwa Mwana Wanga Wopita ku Blantyre

Mwana wanga wokondedwa,

Popeza tsiku lako lonyamuka layandikira, ndipo mayi ako atha kale kukumangira ufa, nyemba ndi mfutso, ndayesa chinthu choyenera kuti nanenso ndikupatse kamba wa mawu, pakuti ufawo udzatha m'thumba, ndipo njala ya masana idzakupeza uli pakati pa mzinda, kutali ndi mphika wako.

Ukatsika basi pa Wenela usathamangire fungo lililonse, pakuti safunsa anadya phula. Funsa anzako a kuntchito kumene iwo amadya, ndipo adzakulozera kwa amayi ophika mumsika wa Limbe kapena wa Blantyre, kumene nsima ya mgaiwa ndi chambo, utaka kapena nkhuku yachikuda zimapezeka pamtengo wosaliritsa munthu wodikira malipiro a pamwezi. Pakati pa iwo usankhe amene moto wake ukuuona ndi maso ako, amene akuomola nsima nthunzi ili tolotolo, nakuthirira madzi osamba m'manja kuchokera m'jagi, osati kukulozera beseni limene asambamo anthu khumi. Usaiwale kuti kolera wa 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ukampeza mayi wotere, umukakamire, umupatse moni mwaulemu tsiku lililonse, ndipo iye adzakusungira mutu wa chambo ngakhale utachedwa. Chiwaya cha ku Ndirande sindikukuletsa, tchipisi ndi kanyenya nanenso ndimazikonda, koma chikhale cha apo ndi apo.

Loweruka usadzitsekere m'nyumba. Pita ku Mandala, nyumba yomangidwa mu 1882, ukamwe tiyi pamthunzi, kapena ukaone zakale ku myuziyamu ya ku Chichiri. Ndipo tsiku limene Bullets ikumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium ukaonere ndithu, koma ukhale pafupi ndi chipata, utuluke khamu lisanayambe kukankhana. Ku mahotela a Ryalls ndi Mount Soche udzalowa akakuitana mabwana ako, usadzipititse wekha kukatha za lendi pa mbale imodzi.

Za mowa ndilankhula mosapsatira, popeza wakula. Mtima wanga ukadakondwa ukadakhala wa thobwa basi. Koma ngati udzakhala pansi ndi anzako pamalo omwera, akhale anthu odziwa kumene umagona ndi dzina la kwanu, botolo litsekulidwe iwe ukuona, timasacheti ta mowa waukali ndi kachasu wa m'makwalala uzipewe kotheratu, ndipo unyamuke maminibasi asanaleke kuyenda.

Lamulungu loyamba, ukatuluka m'mapemphero ku St Michael and All Angels, ukwere minibasi ya ku Chilomoni, pakuti azakhali ako ndawauza kale ndipo adzakuphikira. Usapite chimanjamanja, ugule shuga ndi buledi panjira.

Ndine bambo ako.