Amayi Ali M'mphepete

Kwathu kuli chithunzi chimodzi chokha chimene amayi alimo. Anatijambula munthu wina woyenda panjinga, wa kamera ya filimu, tsiku la Khirisimasi ine ndili ndi zaka zitatu. Pakati pali bambo pampando wandalema, ine pamiyendo pawo, alongo anga awiri uku ndi uku. Amayi anali kukhitchini. Anaitanidwa mochedwa, ndipo wojambulayo, poti anali ndi makomo ena oti afike, sanadikire kuti alowe bwino. Motero amaoneka kumapeto kwenikweni kudzanja lamanja: theka la nkhope, diso limodzi, phewa, ndi nsonga ya mthiko.

Chimwalirireni amayi, bambo akhala akusunga chithunzicho m'Baibulo. Pa tchuthi chapitachi anandiitana nati, "Iwe makinawa ukuwadziwa. Kandikulitsire ichi ndichipachike pabalaza." Ndinavomera msanga ngati mwana wotumidwa mchere.

Poopa kuti chingatayike panjira, mlongo wanga anachijambula ndi foni nanditumizira pa WhatsApp. Ndinapita nacho kwa achimwene ena osindikiza m'tauni muno mu Zomba, ndi kupempha pepala la A3. Chimene chinatuluka chinali chifunga chokhachokha, nkhope ya bambo ngati youmba ndi dothi losauma. Achimwenewo anandifotokozera mosapsa mtima kuti chithunzi cha pakompyuta ndi timadontho, ndipo kuti chioneke bwino pafunika timadontho ngati 300 pa inchi iliyonse. Pepala la A3 lingafune pafupifupi 3,500 m'lifupi ndi 5,000 m'litali, pamene WhatsApp imafinya chithunzi kuti chiyende mopepuka. Kukulitsa sikuonjeza kadontho ndi kamodzi komwe. Kuli ngati kuthira madzi ambiri mu ufa wochepa, n'kumayembekeza nsima.

Tsono ndinakwera minibasi kukatenga chithunzi chenichenicho. Bambo anachikulunga m'mpango, osanena kanthu. Achimwene aja anachiika pa sikana, natchera timadontho 600 pa inchi, nadina pamene palembedwa kuti chithunzi chidzaze pepala lonse. Ulendo uno chinatuluka choyera bwino, mpaka mabatani a jekete la bambo kuwerengeka. Ndinakondwa kwa kanthawi, kenaka maso anga anapita kudzanja lamanja. Diso la amayi panalibe. Panatsala kachidutswa ka tsaya ndi mthiko.

"Pepani mphwanga, si ine ndadula," anatero achimwenewo. "Ndi pepala."

Mawuwo ndinawayesa odzitchinjiriza nawo, mpaka usiku umenewo nditakhala pansi ndi rula. A4 ndi mamilimita 210 kwa 297. A3 ndi 297 kwa 420. Mapepala onse a mtundu wa A anawakonza kuti utali ukhale m'lifupi kuchulukitsa ndi 1.414, mwakuti ukalipinda pakati maonekedwe ake sasintha. N'chifukwa chake makina a fotokope ali ndi nambala zachilendo zija, 141 peresenti pokulitsa ndi 71 pochepetsa. Muyezowu unakhazikitsidwa ku Germany mu 1922, mwa khama la Walter Porstmann, ndipo mu 1975 unasanduka wa maiko ambiri pa dzina la ISO 216. Ndi nzeru yokoma, sindikana, makamaka kwa alembi a m'maofesi. Koma filimu ya wojambula wathu uja inali ya mamilimita 24 kwa 36, ndipo chithunzi chake ndi masentimita 10 kwa 15: utali ndi m'lifupi kuchulukitsa ndi 1.5. Ziwirizi sizikwanirana. Ukafuna kuti chithunzi chotere chidzaze A3 kuyambira pamwamba mpaka pansi, m'litali chimafika mamilimita 445, pamene pepala lathera pa 420. Otsalawo makina amawadula mwakachetechete, ngati 13 mbali iyi ndi 13 mbali inayo. Kumanzere anadula nthambi ya mango. Kumanja anadula amayi.

Chimene chinandipweteka n'chakuti makinawo sanafunse. Anaona kuti zofunika zili pakati, monga momwe wojambula uja anaonera.

M'mawa mwake ndinabwerera ndi masamu anga papepala. Tinasankha kuti chithunzi chonse chilowe, ngakhale pepala lisadzaze. Apanso panali china choti ndiphunzire: makina ambiri osindikizira sathira inki mpaka kumapeto, amasiya mamilimita anayi kapena asanu pamene amagwira pepala. Tinasiya asanu mbali zonse ziwiri, chithunzi chinakhala 410 kwa 273, ndipo pamwamba ndi pansi panatsala mizere yoyera ya mamilimita 12. Achimwenewo anati sizikuoneka bwino, anthu sakonda zoyerazo. Ndinawauza kuti azisiye. Ndinawapemphanso kuti aonjeze malire kumanja, chifukwa felemu nayo imabisa pang'ono m'mphepete, ndipo sindinafune kuti kalipentala amalize ntchito imene makina anayamba.

Za pepala tinakangana pang'ono. Ndalama zanga zinali zitapita kale pa zoyesa ziwiri zija ndi minibasi, choncho ndinafuna pepala wamba la magalamu 80, lomwe timasindikizirapo ntchito za m'kalasi. Anandionetsa lina limene anayeserapo kale: linamwa inki n'kukwinyika ngati chitenje chonyowa, mitundu yonse itazilala. Pepala la zithunzi n'lokhuthala koposa kawiri, ndipo lili ndi chokutira chogwira inki pamwamba. Komanso makinawo uyenera kuwauza mtundu wa pepala, chifukwa ndi pamene amadziwira kuchuluka kwa inki yothira. Panali lonyezimira ndi losanyezimira. Ndinakumbukira kuti pabalaza pathu zenera limayang'anana ndi khoma, ndipo ndinatenga losanyezimira. Sabata imeneyo ndinadyera kwa anzanga.

Bambo analandira chithunzicho ataimirira pakhonde. Anachitalikitsa, nachiyandikitsa, kenaka chala chawo chinayenda pang'onopang'ono mpaka kudzanja lamanja, n'kuima pamenepo.

"Kodi anali ndi mthiko m'manja?" anafunsa. "Zaka zonsezi ine ndimayesa ndi mtengo wa kuseri."