Thabwa Loyamba la Wokwera Mafunde

Kum'mwera kwa Africa, mu mzinda wa Cape Town, kuli gombe lotchedwa Muizenberg. Mchenga wa pansi pa madzi ake umatsetsereka pang'onopang'ono, motero mafunde amabwera mofatsa, motsatana ngati mizere ya m'munda. Nchifukwa chake anthu ambiri ofuna kuphunzira maseŵera okwera mafunde amayambira pamenepo. Munthu amagona chafufumimba pa thabwa napalasa ndi manja, ndipo funde likamunyamula amadzuka naimirira kuti limuperekeze mpaka kumtunda. Asodzi a ku Nyanja ya Malaŵi amathaŵa mafunde a mwera, koma anthu aŵa amachita kuŵafunafuna.

Maseŵeraŵa adafala kuchokera ku zilumba za Hawaii. Kumeneko matabwa akale ankasemedwa kuchokera ku mitengo, ndipo aatali koposa anali a mafumu. Matabwa a masiku ano ngopepuka. M'kati mwake muli chinthu chonga siponji youma, ndipo kunja kwake ena amakutidwa ndi chikopa cholimba cha fibreglass, pamene ena amasiyidwa ofeŵa. M'chaka cha 2021 maseŵeraŵa adachitika koyamba pa mpikisano wa Olympics ku Japan, ndipo Bianca Buitendag wa ku South Africa adapata mendulo yasiliva.

Pafupi ndi gombe la Muizenberg pali mudzi wa Vrygrond, kumene kumakhalanso Amalaŵi amene adapita kukafuna ntchito. Kale munthu wakuda sankaloledwa kusambira pa magombe opatulidwira azungu, koma lamulo limenelo lidathetsedwa m'chaka cha 1990. Chimene chimatsekereza ana a ku Vrygrond tsopano ndi ndalama, pakuti thabwa latsopano limatha kudya malipiro a mwezi wathunthu a munthu wolima m'dimba la maluŵa.

Mnyamata wina wa kumeneko adasunga ndalama za maganyu kwa miyezi isanu ndi itatu. Mtima wake unali pa thabwa lalifupi losongoka, lofiira ngati tsabola, limene munthu wina ankagulitsa motsika mtengo. Linali lofanana ndi la akatswiri amene ankaŵaona akukhotakhota pa funde ngati namzeze. Asanapereke ndalama adapita kukaŵauza amalume ake, amene ankagwira ntchito yotsuka ndi kukonza matabwa pa sitolo ina yobwereketsa matabwa kwa alendo.

"Amalume, ndapeza thabwa," adatero mnyamatayo. "Ndi lokongola ndiponso silivuta kunyamula."

"Kodi iwe mwana wa mlongo wanga, ukufuna thabwa loti ulinyamule kapena loti likunyamule?" adafunsa amalumewo.

Funso limeneli ndilo limagonjetsa ophunzira ambiri. Thabwa lalifupi, la mamita aŵiri osakwana, limaloŵa m'madzi likalemedwa ndi munthu. Kulipalasa kumatopetsa, ndipo funde limadutsa lisanalinyamule. Katswiri amadziŵa malo enieni amene funde limatukukira, choncho thabwa laling'ono limamukwanira. Wophunzira sadziŵa zimenezi. Iye amafunika thabwa lalitali, lotambalala ndi lonenepa, la mamita aŵiri ndi theka kapena kupitirirapo, lamphuno yozungulira. Aliyense amene adakwerapo bwato amadziŵa kuti lalikulu silipendama msanga ngati laling'ono.

Opanga matabwa amayeza kukula kwake m'malita. Lita imodzi ya thabwa imayandamitsa pafupifupi kilogalamu imodzi. Thabwa la katswiri limakhala ndi malita 30 kapena kuchepera, pamene la wophunzira limafika malita 70 kapena 80. Kusiyana kumeneku kumaoneka pa tsiku loyamba lomwe. Wina amaimirira kakhumi dzuŵa lisanaloŵe, pamene mnzake amangomwa madzi amchere, nabwerera kunyumba akuganiza kuti maseŵeraŵa si ake. Ambiri amene adasiya sadalephere chifukwa cha ulesi ai. Adangogula thabwa la munthu wina.

Amalume aja adalangiza mphwao kuti ayambe wabwereka thabwa lofeŵa kwa ola limodzi, Loŵeruka liŵiri kapena atatu, asanagule lake. Thabwa lofeŵa ndi lotsika mtengo, ndiponso likamenya mutu wa mwini wake kapena wa wosambira wina silivulaza kwambiri. Nzoona kuti silikongola, ndipo anyamata ena amaliseka. Komatu kuseka sikuthyola fupa.

Patapita milungu itatu, aŵiriwo adapita kukaona thabwa lakale limene banja lina linkagulitsa. Apa mpamene munthu wosauka ayenera kutsegula maso, chifukwa thabwa lakale limabisa matenda ake. Amalumewo adayamba kulinyamula, kuti amve ngati likulemera kuposa msinkhu wake, pakuti thabwa limene lamwa madzi limalemera ndipo silichira msanga. Kenaka adalipanikiza ndi chala chachikulu kuyambira kumphuno mpaka kumchira, kufunafuna malo ofooka kumene chikopa chamatuka. Adalitembenuza nayang'ana pamimba pake ngati pali mzere wopingasa, chizindikiro chakuti lidapindikapo ndipo tsiku lina lidzathyoka pomwepo. Adagwedezanso zipsepse zake zitatu, zimene zimathandiza thabwa kuyenda molunjika monga zimachitira za nsomba, ndipo adakoka pomangirira chingwe kuti aone ngati mpolimba. Mikwingwirima yaing'ono ya pamwamba sadaisamale, koma adaiŵerenga mokweza kuti mwini thabwa atsitseko mtengo.

"Musapereke zonse zimene zili m'thumba mwanu, aphwanga," adanong'ona amalumewo, akumupatsa ulemu wa munthu wogula ndi ndalama za thukuta lake. "Thabwa lokha silikwanira."

Adanena zoona. Pamafunika chingwe chomangira ku kakolo, chotalika ngati thabwa lomwelo, kuti funde lisalitengere kutali kapena kuliponyera pa ana osambira. Pamafunika phula lopaka pamwamba kuti mapazi asaterereke. Ndiponso madzi a ku Cape Town ngozizira, makamaka m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, kotero kuti wopanda chovala cha mphira chothina thupi lonse amatuluka akunjenjemera ola lisanathe.

Mnyamata uja adagula thabwa lakalelo, lofeŵa, lobiriŵira mofwifwa, lotalika mamita aŵiri ndi theka. Ndalama zotsala zidakwanira chingwe chatsopano ndi phula, koma chovala cha mphira adachita kubwereka kwa mnzake mpaka mwezi wa Disembala. Popeza thabwalo silikadaloŵa m'minibasi, iye adagwira kumphuno, amalume ake kumchira, nayenda nalo pansi mpaka ku Vrygrond.