M'CHIDIKHA CHA KASUNGU: KODI PAMPU TIIKE TOKHA KAPENA TIITANE MMISIRI?

Munthu wochokera ku Lilongwe akangooloka mtsinje wa Bua pa msewu wa M1, ndiye kuti waponda dziko la Kasungu. Dzikoli n'lachidikha, kotero kuti maso amaona kutali mpaka pa phiri la Kasungu, limene laima lokha pambali pa boma. Uku ndi uku kuli zigafa ndi mabalani a fodya, ndipo pa Chinkhoma pali msika wa okushoni kumene alimi amagulitsirako fodyayo. Koma wofika kuno m'mwezi wa Okutobala adzapeza zigafa zili pululu, timitsinje tauma, ndipo anthu ali kumadambo ndi makheni m'manja, kuthirira nazale m'mawa ndi madzulo. Mitsinje ikuluikulu yokha monga Bua, Rusa ndi Dwangwa ndiyo imasungako madzi. Kwa midzi yambiri, madzi a chilimwe ali pansi pa nthaka.

N'chifukwa chake pa ulendo wanga wozungulira midzi ya kwa Santhe, kwa Wimbe ndi ku Chamama, funso limene alimi anandifunsa kawirikawiri silinali la feteleza ayi. Linali ili: "Alangizi, fodya tagulitsa, kandalama kalipo. Kodi tigule pampu n'kuika tokha, kapena tiitane mmisiri amene adzatidyera ndalama zathu?" Funsoli n'labwino ndithu, ndipo lifunika yankho loona.

Poyamba tidziwe chimene chili pansi pa mapazi athu. Pamwamba pali dothi la katondo kapena la mchenga. Pansi pake pali dongo, kenaka mwala wofumbutuka umene unavunda kalekale, ndipo pansi penipeni pali thanthwe lolimba. Madzi odalirika amakhala mu mwala wofumbutukawo ndi m'ming'alu ya thanthwe. M'mbali mwa dambo madzi amapezeka pafupi, koma kumtunda mijigo yambiri imafika mamita 30 mpaka 50. Madziwa sakhala malo amodzi chaka chonse: mvula ikagwa amakwera, ndipo pofika Okutobala ndi Novembala amatsika.

Kwa Santhe, pa msewu wopita ku Mchinji, ndinaona ntchito yondikondweretsa. Bambo wina ndi ana ake anakumba chitsime m'mbali mwa dambo, ndipo anakumba kumapeto kwa chilimwe, pamene madzi anali atatsikiratu. Anachimanga ndi njerwa zootcha, navundikira ndi chivundikiro cha simenti, ndipo pamwamba anaikapo pampu ya chingwe, yopukusa ndi dzanja, imene anawakonzera mmisiri wowotcherera zitsulo. Chingwe chikatha amasintha okha. Ntchito yotereyi banja lakhama lingathe kuigwira, koma pali malamulo ake. Chitsime chitalikirane ndi chimbudzi kapena khola mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumtunda kwake. Wokumba asatsike wopanda mnzake pamwamba, ndipo dothi logumuka limangidwe msanga. Injini ya petulo isalowe m'chitsime, pakuti utsi wake umapha munthu mwakachetechete. Mankhwala opopera nazale ya fodya asasungunulidwe pafupi ndi chitsime chimene ana amamwapo.

Kuchokera kumeneko ndinadzera pa boma n'kulowera kum'mawa, ndipo kufupi ndi Chamama ndinapeza nkhani yosiyana. Mlimi wina anaitana okumba mjigo amene analonjeza mtengo wotsika. Anakumba m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili mkati, ndipo atangoona madzi akutumphuka anaimitsa makina, nalandira ndalama zao n'kumapita. Mwini wake anagula m'sitolo pampu yamagetsi a dzuwa, ya mtundu womira m'madzi, naitsitsa yekha m'dzenje mongoyerekeza. Miyezi isanu madzi anatuluka bwino. Pofika Seputembala, nthawi yofesa nazale, madzi anatsika, pampu inayamba kukoka mphepo ndi mchenga, ndipo inapsa. Nazale inauma, bamboyo anakagula mbande kwa anzake, ndipo mai a pakhomopo anabwerera kukatunga kudambo. Akulu anati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Taonani tsono, anzanga alimi, kusiyana kwa nkhani ziwirizi. Wa kwa Santhe anagwira ntchito imene maso ake ankaiona. Wa ku Chamama anagwira ntchito ya mumdima, mamita ambiri pansi, kumene cholakwa chimabisala mpaka tsiku limene chidzawononga ndalama zonse. Kumeneko ndiko kufunika mmisiri wodziwa. Iye amafufuza malo oyenera asanakumbe. Amatsitsa mapaipi otchinga dothi, ndipo amaika mapaipi a timing'alu moyang'anizana ndi pamene pali madzi. Amathira timiyala m'mbali kuti tisefe mchenga, natseka kumtunda ndi simenti kuti madzi oipa a pamwamba asatsikire m'kati. Amatsuka dzenjelo mpaka madzi atayera, kenaka amapopa kwa maola angapo kuti aone mphamvu ya mjigowo ndi potsikira madzi ake. Muyeso umenewu ndiwo umanena kukula kwa pampu yoyenera ndi pamene iyenera kulendewera. Wogula pampu asanayese madzi ali ngati munthu wosoketsa malaya a mwana amene sanabadwe.

Koma musaganize kuti ndikuti zonse tisiyire amisiri. Kale mijigo ya m'dziko muno inali ndi mapampu olemera, monga a Climax, ndipo ikawonongeka mudzi unkadikira galimoto ya Boma kwa masabata kapena miyezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, akatswiri anayesa pampu yatsopano yotchedwa Maldev, imene cholinga chake chinali chakuti eni mudzi azitha kukonza okha. Ntchitoyo inapitirira ku Kenya, ndipo kumeneko inabala pampu ya Afridev, imene muiona pa mijigo yambiri kuno ku Kasungu. Pampuyi imakoka madzi mpaka mamita 45. Ubwino wake ndi wakuti ndi sipanala imodzi ndi ndowe yake yokolera, anthu atatu kapena anayi angathe kusolola ndodo zachitsulo, kusintha timalabala totha ndi mabushi a pa chogwirira, n'kubwezera zonse tsiku lomwelo, osazula mapaipi. Ntchito imeneyi ndi ya komiti ya mjigo, amai ndi abambo omwe, ndipo iyenera kuchitika chaka ndi chaka, osadikira kuti mjigo ufe. Koma paipi ikang'ambika pansi, kapena ndodo ikaduka n'kugwera m'kati, itanani makaniko wa m'dera amene anaphunzitsidwa. Kukolowola ndi waya kumangokankhira zitsulo pansi.

Ndipo kuitana mmisiri sindiko kukhala pamthunzi n'kumadikira. Lamulo la madzi la chaka cha 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka zilolezo za kukumba mijigo. Choncho musanapereke khobidi, pitani ku ofesi ya zamadzi pa boma mukafunse njira yake, ndipo wokumbayo akuonetseni chiphaso chake. Panganani polemba, pamaso pa mfumu ndi mboni: mamita angati, mapaipi otani, ndipo zidzatha bwanji dzenje likapezeka louma. Ngati n'kotheka kumbani m'chilimwe. Tsiku lokumba imani pomwepo ndi kope m'manja, muwerenge paipi iliyonse imene ikulowa pansi. Funsani ngati ndodo zili zachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa zotsika mtengo zimafiiritsa madzi ndipo zimaduka msanga. Onani kuti athiramo mankhwala a kolorini anthu asanayambe kumwa. Ndalama zotsiriza musunge mpaka mutaona ndi maso anu madzi oyera akutuluka osaleka, ndipo mmisiri akusiyireni pepala lonena kuya kwa mjigo ndi pamene pampu yakhala. Pepala limeneli lidzathandiza wokonza wa m'tsogolo.

Nkhaniyi si ya fodya yekha. M'chaka cha 2022 ndi 2023 matenda a kolera anapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Mjigo wosatsekedwa bwino pakamwa, kapena chitsime choyandikana ndi chimbudzi, chimabweretsa matenda m'nyumba ngakhale madzi ake akuoneka oyera. Ndipo mjigo ukafa m'mwezi wa Okutobala, amene amayenda mtunda ndi ndowa pamutu ndi amai ndi atsikana, ena mpaka kujomba kusukulu.

Tsono yankho langa kwa alimi a m'chidikha cha Kasungu ndi ili. Zimene zili pansi, zosaoneka ndi maso, perekani kwa mmisiri wachiphaso, koma inu muli chiimire pambali pake. Zimene zili pamwamba, monga kuumba njerwa, kututa mchenga, kumanga mpanda, kulambula ngalande, kusonkha ndalama za zipangizo ndi kusintha timalabala, ndi zanu, ndipo musadikire munthu wochokera kutali. Mukagulitsa fodya chaka chino, patulani kandalama ka mjigo musanagule china chilichonse, ndipo mukakhala ndi funso, funsani mlangizi wa zamadzi kapena wa zaulimi wa kwanuko. Safunsa anadya phula.