KUKWERA PHIRI LA ZOMBA PA NJINGA

Inu owerenga a ku cigwa ca Phalombe ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba mumaliona tsiku ndi tsiku muli kumunda, koma ambiri a inu simunalikwerepo. Lero tiyeni tikwere pamodzi pa njinga, pakuti kumeneko ndinakamva nkhani yokhudza thumba la mlimi ali yense.

Mseu ucokera m'tauni ya Zomba, imene inali likulu la Boma kufikira caka ca 1975, nukhotakhota m'mbali mwa phiri mailosi ngati 5 kufikira ku hotela ya Ku Chawe. Mailosi 5 si kanthu kwa munthu wozolowera kupalasa kunka ku cigayo, koma awa ndi a citunda cokhacokha. Njinga yanga ndi ija yakuda ya masiku onse, yopanda magiya, ndipo ndisakunamizeni, mbali yaikuru ya ulendo ndinayenda pansi ndiri kuikankha. Mukafuna kupitako nyamukani mamawa, ndipo musaiwale jekete. Pamwamba pamazizira, cifukwa nsonga ya Malumbe ipitirira mapazi 6,800.

Pokwera cenjerani ndi amuna a nkhuni amene ali kutsika. Iwo amasanja nkhuni pa keliyala mpaka mulu upitirira mutu wa mwini njinga, ndipo katunduyo amawakankha kumbuyo. Wina ndinamuona atamangirira cidutswa ca tayala lakale pafupi ndi gudumu, namaponda ndi phazi kuti cithandize mabuleki. Mukamva belu kapena mluzu pa kona, patukani msanga, pakuti munthu wotere sangathe kuima pomwepo.

Pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa tauni ya Zomba, ndinapeza anthu anai atakhala pa udzu, njinga zao atagoneka pambali. Panali anyamata awiri a ku Blantyre obvala zipewa zolimba, mai wina wa m'tauni momwemo, ndi mkulu wina wa imvi, wokonza njinga kumsika. Anthu okonda njinga sacedwa kudziwana. Ndisanapume n'komwe, mkuluyo anali atagwira kale cheni canga nati, "Acimwene, mafuta munathira liti umu?"

Njinga za anyamata aja ndi zimene azicha njinga za m'mapiri. Ziri ndi matayala onenepa a mano, magiya ambiri, masipuling'i kutsogolo, ndi mabuleki ogwira kambale ka citsulo pakati pa gudumu. Mmodzi wa iwo anatifotokozera ciyambi cace. Anati m'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Marin, ku California m'dziko la America, anali kutenga njinga zakale zolemera natsika nazo mapiri mwa liwiro m'njira za pfumbi. M'caka ca 1976 anayamba mpikisano umene anaucha Repack. Dzinalo linadza cifukwa buleki ya njinga zao inali m'kati mwa habu ya kumbuyo, ndipo potsika habu inali kutentha kufikira girizi apsa nacita utsi, kotero kuti munthu akafika pansi anayenera kumasula ndi kupakanso girizi wina. Caka cotsatira, 1977, Joe Breeze anapanga felemu yolingana ndi nchito imeneyi.

Mkulu uja anaseka kwambiri nati, "Mwana wanga, ndiye kuti a ku America aja anali kusewera ndi cimene anyamata a nkhuni acita pano kuti adye!"

Mai uja ndiye anatipitirira tonse pokwera, osatuluka ndi thukuta lomwe, pakuti njinga yao ndi ya magetsi. Iri ndi batire pa felemu ndi kamota kamene kamathandiza pokhapo munthu ali kupalasa. Mukaleka kupalasa, nako kaleka. Kampani ya Yamaha ya ku Japan inayamba kugulitsa njinga zotere m'caka ca 1993. Ku maiko a ku Ulaya lamulo liti kamotako kasapitirire mawati 250, ndipo kaleke kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ora. Anandilola kuiyesa, ndipo pa citunda ndinamva ngati mwana wamphamvu ali kundikankha kumbuyo. Mtima wanga unaikhumba ndithu.

Koma ndinafunsa funso limene inu mukadafunsa: "Mai, nanga batire likatha?" Anayankha mosabisa kuti pamenepo njingayo isanduka katundu, cifukwa ilemera kupitirira makilogalamu 20. Batire lifuna maora angapo pa magetsi kuti lidzale, ndipo kasola kaja kamene mumachajira lamya kumudzi sikangakwanitse. Pakapita zaka zingapo batire limafooka, ndipo latsopano mtengo wace ndi wowawa. Anaticenjezanso kuti batire lotere, likaphwanyika kapena mukalichaja ndi chaja ya mtundu wina, likhoza kuyaka moto wobvuta kuzima. Ganizani za denga la udzu.

Tsono inafika nthawi ya mkulu uja, ndipo apa tinakhalitsa. Njinga yace ndi yakuda ngati yanga, koma pakati pa felemu anamangirirapo kainjini, ndi kathanki ka petulo pamwamba. Anyamata ataiseka, iye anati asaseke, pakuti Soichiro Honda wa ku Japan anayamba comweco m'caka ca 1946, kumangirira pa njinga timainjini timene asilikari anasiya nkhondo itatha, ndipo lero dzina lace liri pa njinga zamoto dziko lonse. Anatisonyeza umo asakanizira oyilo m'petulo, cifukwa injini ya mtundu uwu iribe posungira oyilo payokha. Oyilo akacepa injini igwira niuma. Akacuruka pulagi ida ndi mwaye, injini nikana kulira. Anamasula pulagi pomwepo, naipukuta ndi kawaya, natiuza kuti ya bwino ioneka yofiirira ngati khofi wothira mkaka. Manja ace anali kugwira zitsulozo monga mai agwira khanda.

Mnyamata wina anafunsa mwaulemu, "Bambo, nanga masipoko atatu awa bwanji ali atsopano?" Mkuluyo anakanda m'mutu nabvomera. Anati injini imagwedeza njinga kosaleka, masipoko amaduka, manati amamasuka, ndipo felemu anaiocherera kale kawiri. Coopsa koposa ndi mabuleki, amene anapangidwira liwiro la miyendo ya munthu. Anakweza buluku natisonyeza cipsera pa bondo.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo mukhoza kutsutsa. Kwa inu amene mumanyamula thumba la cimanga la makilogalamu 50, kapena wodwala kunka naye ku cipatala, njinga ya m'mapiri siithandiza kweni kweni. Zambiri ziribe keliyala, ndipo kacitsulo kosintha magiya kakapindika ndi citsa mudzakafuna kena m'tauni. Ndalama za fodya kapena za mpunga ziyambe zagula njinga yolimba imene zitsulo zace zipezeka pa msika wa kwanu. Keliyala ya njinga ya Buffalo, mwa citsanzo, inapangidwa kuti isenze makilogalamu 100. Ndipo mkulu uja anandipatsa nzeru yochipa imene ndikupatsiraninso: ngati kwanu kuli zitunda, cotsani fuliwilo ya mano 18 muike ya mano 22, ndi kuonjezera cheni pang'ono. Pa cidikha mudzayenda pang'onopang'ono, koma pa citunda mudzakwera osatsika.

Titasiyana ndinapitirira kunka ku Emperor's View, pamene anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia m'caka ca 1965. Pafupi pace pali Queen's View, pokumbukira amai a Mfumukazi Elizabeth amene anafika m'caka ca 1957. Pamenepo muona nyanja ya Chilwa iri mbee, phiri la Mulanje patali, ndi minda yanu ngati timphasa toyanika. Muonanso zitsa ndi malo akupsa pamene kale panali mitengo ya paini yothithikana, ndipo mudzakumbukira njinga za nkhuni zija, ndi madzi a m'damu lija.

Potsika ndinaima katatu kukhudza limu, ndipo inali yofunda ndithu. Gwirani mabuleki onse awiri, mowirikiza kugwira ndi kuleka, ndipo ngati kwagwa mvula tsikani muyende pansi, pakuti mphira sugwira pa limu yonyowa. Ndinagula kambale ka sitiroberi kwa ana a pa mseu, ndipo pofika kumsika mphira wa mabuleki a kumbuyo unali utatha. Anandiikira wina ndi mphwace wa mkulu uja, cifukwa mwini wace anali asanatsike.