Amene sanafike Sitandade 8

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, timathamangira kuwerenga amene akhoza ndi kutamanda sukulu imene yaposa zinzake. Koma ndani amawerenga ana aja amene adayamba nawo Sitandade 1 atakhala pa fumbi pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi khwimbi lonselo, nasowa m'njira tsiku la mayeso lisanafike?

Mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ophunzira nachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, khomo lidamtsegukira mwana wa mmphawi. Komatu kulowa n'kwina, kukhalitsa n'kwinanso. Mtsikana amene amafika m'kalasi atatunga kale madzi mbandakucha, mnyamata amene m'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, amatsata makolo ake ku ganyu, nadzapeza kuti pa Sitandade 5 maphunziro asanduka a m'Chingerezi, amenewa akalephera si umbuli ayi, mtolo wawalemera.

Inu aphunzitsi aakulu ndi a komiti ya sukulu, polengeza okhoza tiuzeninso za otayikawo, pakuti mayina awo muli nawo m'kaundula.