Sikafu ya Atate

Mau atsopano: ulusi, kuluka, sikafu, sitichi, mlonda, kupingasa

Werengani nkhani iyi.

Mu Lusaka mumazizira kwambiri m'miyezi ya Juni ndi Julayi. M'mawa ana amapita kusukulu manja ali m'matumba. Koma kuzizira koposa kumabwera usiku. Anthu ogwira nchito usiku ndiwo amakudziwa bwino.

Mu komboni ya Kalingalinga munali mtsikana wina wa mu Giredi 3. Atate ake anali mlonda. Anali kucoka panyumba madzulo, ndi kubwerako dzuwa litatuluka. Caka catha, nthawi yozizira, anadwala cifuwa masabata awiri. Mtsikanayo sanafune kuti atate ake adwalenso.

Pa holide ya mu Epulo, iye anapita kwa ambuya ake.

"Ambuya, ndiphunzitseniko kuluka," iye anapempha. "Ndifuna kulukira atate sikafu ya m'khosi."

"Cabwino, mdzukulu wanga," ambuya anayankha. "Koma tiyambe manje manje. Juni sali kutali."

Ndalama zogulira ulusi watsopano panalibe. Ambuya anapita ku msika wa Soweto. Kumeneko anagula juzi yaikulu ya salaula pa mtengo wochipa. Atafika kunyumba, anaimasula pang'onopang'ono. Ulusi unatuluka wopindikapindika. Anaucapa ndi kuuyanika pamthunzi kuti uwongoke. Utauma, mtsikanayo anaukulunga. Panatuluka mipira 4 ya ulusi wobiriwira.

Ambuya anatenga nyeleti ziwiri zazitali zolukira. Anatenganso kamtengo kakafupi kosalala bwino.

"Ife tinaphunzirira pa masipoko a njinga," iwo anatero akuseka. "Iwe uli ndi mwai."

Poyamba anaika masitichi 32 pa nyeleti imodzi. Sitichi ndi kadiso ka ulusi kokoleka pa nyeleti. Pali masitichi a mitundu iwiri. Ina imalukidwa ulusi uli kumbuyo kwa nyeleti. Ina imalukidwa ulusi uli kutsogolo. Ambuya anati azisinthanitsa: imodzi ya kumbuyo, imodzi ya kutsogolo, mpaka mzere wonse kutha.

"Cifukwa ciani tisinthanitsa, ambuya?" mtsikanayo anafunsa.

"Yang'ana juzi yako ya sukulu," ambuya anatero. "Kunja ndi kokongola. Nanga mkati?"

Iye anaitembenuza. Mkati munali mosiyana ndi kunja.

"Mkati mwa juzi palibe amaonamo," ambuya anafotokoza. "Koma sikafu ukaizunguliza m'khosi, mbali zonse ziwiri zimaoneka. Tikasinthanitsa masitichi, mbali zonse zimafanana. Atate ako angaivale ngakhale mumdima, osasankha mbali."

Tsiku loyamba zala za mtsikanayo zinali zolimba. Mzere umodzi unamutengera nthawi yaitali. Koma pofika madzulo anali ataluka mizere 9.

"Manje taona camatsenga," ambuya anatero.

Pa mzere wa 10 anagawa masitichi m'magulu 4. Gulu lililonse linali ndi masitichi 8. Gulu loyamba analiluka monga mwa nthawi zonse. Gulu laciwiri sanaliluke. Analisamutsira pa kamtengo kaja, ndi kukasiya kutsogolo. Analumpha ndi kuluka gulu lacitatu. Kenaka anabwerera ndi kuluka masitichi a pa kamtengo. Pomaliza analuka gulu lacinai.

Magulu awiri a pakati anapingasana. Limodzi linadutsa pamwamba pa linzake. Anacita cimodzimodzi pa mzere wa 20, wa 30 ndi wa 40. Pakati pa sikafu panayamba kuoneka cingwe copota. Cinali kufanana ndi tsitsi loluka. Mtsikanayo anatembenuza sikafu. Cingweco cinaliko kumbali inanso!

Malukidwe a zingwe otere ndi odziwika m'maiko ambiri. Pa zilumba za Aran, ku Ireland, anthu amaluka majuzi odzaza ndi zingwe zotere. Pamene masitichi apingasana, nsalu imakhala yocindikala. Nsalu yocindikala imasunga bwino kutentha kwa thupi.

Sukulu itatsegulidwa, nthawi inacepa. Mtsikanayo anali kuyamba walemba nchito ya kusukulu ndi kutsuka mbale. Akatero anali kukhala pamphasa pafupi ndi ambuya. Tsiku lililonse anali kuluka mizere 10. Kuti asaiwale, anali kuika mwala umodzi m'kacitini akatsiriza mzere. Miyala ikakwana 9, anali kudziwa kuti mzere wotsatira ndi wopingasa.

Masiku ena anzake anali kumuitana. "Iwe, bwera ticite waida!" Iye anali kuyankha kuti, "Yambani cabe, ndibwera. Kwatsala mizere iwiri."

Anali kubisa sikafuyo m'thumba la ambuya kuti atate asaione. Kumapeto kwa Meyi mphepo yozizira inayamba kuomba. Mpira wotsiriza wa ulusi unali utacepa kwambiri. Ambuya anapima sikafuyo. Inali yaitali masentimita 150.

"Yakwana," iwo anatero. Anamuonetsa motsekera masitichi kuti asamasuke.

Madzulo amenewo atate anavala jekete lao kuti apite kunchito. Mtsikanayo anagwada ndi kuwapatsa sikafu ndi manja awiri.

"Atate, landirani. Ndaluka ndine."

Atate anaiyang'ana mbali iyi, anaitembenuza mbali inayo. "Nanga kunja ndi kuti?" iwo anafunsa.

"Konse ndi kunja, atate!"

Atate anaseka. Anaizunguliza m'khosi kawiri. "Zikomo kwambiri, mwana wanga," iwo anatero. "Lero mphepo indiopa." Anatenga toci yao ndi kunyamuka.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi atate a mtsikanayo anali kugwira nchito yanji?
2. Kodi ulusi unacokera kuti?
3. N'cifukwa ciani sikafu iyenera kuoneka bwino mbali zonse ziwiri?
4. Kodi miyala ya m'kacitini inali ya ciani?
5. Mtsikanayo anali kuluka mizere 10 tsiku lililonse. Kodi analuka mizere ingati pa masiku 5?

Nchito

Funsani akulu a kwanu za cinthu cimene amadziwa kuluka. Lembani ziganizo zitatu za cinthuco m'buku lanu.