Tidawamangira Agogo Kuka M'kati mwa Kompyuta

Senderani kufupi, adzukulu anga, muwonjezere chikuni pamotopo, poti chisanu cha kuno kwa Msakambewa sichiona nkhope Juni akalowa, ndipo nkhungu ikatsika kuchokera ku mapiri a Ntchisi ngakhale mbuzi zimakana kutuluka m'khola. Nyengo ngati ino, chimanga chili m'nkhokwe, zigafa zili pululu, anyamata ali m'minda ndi makasu kukumba mbewa, utsi wa mapesi ukuyenda chapansipansi m'dambo, ndi imene imandikumbutsa kompyuta yathu ya kusukulu, imene tonse tinkangoitchula kuti Agogo.

Agogo adafika njala ya 2002 itangotha kumene, atagwira kale ntchito zaka zambiri kutsidya kwa nyanja. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale m'mapiri muno, ndipo poti dzanja langa linali lowerengeka, ndine ndinkasunga kaundula wa ana. Lidali bokosi lotuwa ngati phulusa, pachifuwa atamatapo kachizindikiro kolembedwa kuti Pentium, ndipo sikirini yake inali ndi chimimba ngati mtsuko wa thobwa, yoti kuinyamula mpaka anthu awiri. Mayi a kunyumba kwanga adasoka chophimba cha chitenje chofiira chamaluwa kuti fumbi la Okutobala lisalowe. Mukadina batani, Agogo sankadzuka msanga ayi. Ankayamba atsokomola, kenaka n'kumalira chamumtima ngati chigayo cha kutsidya kwa mtsinje, kafungo ka fumbi lotentha n'kudzaza ofesi yonse, inu n'kutereka madzi a tiyi, ndipo pofika pothira shuga m'pamene iwo ankati tsopano tiyeni tigwire ntchito.

Mphunzitsi wina wachinyamata wa masamu, mwana waulemu wosadziwa kugona msanga, ndiye adaikamo Linux n'kulemba yekha kapulogalamu kosungira mbiri ya ophunzira. Kanalibe zithunzi kapena zokongoletsa, zilembo zoyera basi pa mdima wa bii. Koma munali zonse: dzina la mwana, mudzi wake, mfumu yake, womulipirira fizi, ndi malikisi a teremu iliyonse mpaka mayeso a JCE ndi MSCE. Patapita zaka zochepa mnyamatayo adasamukira kwina, ndipo zolemba zimene adaumbira pulogalamuyo zidasowa m'msamukomo. Ine ndidatsala ndi mbiya yootcha kale, dothi lake kulibe. Ndinkalembamo ndi zala ziwiri madzulo aliwonse, mbatata yootcha ili pambali, kwa zaka zoposa khumi.

Musaone ngati tinali tokha okonda makina otayidwa. Nditapita ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero mumati Kamuzu Central, ndidaona akalaliki akulembera odwala pa timakina tongokhudza ndi chala. Tinali ti i-Opener, timene ku America adali atasiya kugulitsa, koma Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health adatitola, kutikonza, n'kutipatsa ntchito m'chipatalamo mu 2001. Ndidabwerera kumudzi ndikuwanyadira Agogo athu kuposa kale. Mabuku a mapepala chiswe chinkawadya chaka ndi chaka, koma iwo sankaiwala munthu. Wina ankatha kubwera kuchokera ku Mponela, ku Madisi, ngakhale ku Joni, ndevu zili pepeya, kudzafuna kalata ya umboni woti adaphunzira pano, ine n'kungolemba dzina lake, Agogo n'kumukumbukira ndi malikisi ake a Chichewa omwe.

Tsiku lina la mvula ya mabingu mphenzi idagwa pa bulugama wa kuseri kwa ofesi, ndipo m'mawa mwake Agogo sadatsokomolenso. Sukulu idapeza laputopu yatsopano, yopepuka ngati buku la nyimbo. Anzanga ena adati tsobola wakale sawawa, tingoyamba kaundula wina. Ine tulo tidandithawa. M'bokosi lija munali ana anga osawerengeka, ena mwa iwo atatsikira kale kuli chete.

Pa tchuthi kudabwera mwana wa mlongo wanga amene amakonza makompyuta ku Lilongwe. Adayala mphasa pakhonde, adamasula bokosilo, adauzira fumbi ndi ukonde wa akangaude, n'kusolola kachitsulo kolemera, kukula kwake ngati sopo wochapira, komangika pa lamba wotambalala wa timabowo 40. "Malume, ubongo wapsa, koma nkhokwe ili bwino," adatero. Nkhokweyo ndi imene amaitcha hard disk. Adakopera zonse za mmenemo n'kuziika mu laputopu. Koma atati aitane pulogalamu ija, makinawo adayankha kuti No such file or directory, ndiko kuti fayilo yotereyo kulibe, chikhalirecho tonse awiri tikuipenya ndi maso pa sikirini pomwepo. Ndidangogwira njakata.

Iye adandikhazika mtima pansi. Agogo adabadwira m'mbumba ya 32-bit, imene pa fuko lawo la makompyuta idayamba ndi ubongo, kapena kuti processor, wa Intel 80386 mu 1985, pamene laputopu inali ya mbumba ya 64-bit, imene kampani ya AMD idabweretsa ku fuko lomwelo mu 2003. Ubongo watsopanowo chilankhulo chakale umachimva ndithu, monga mmene inu mumandimvera ndikamati nkhali kapena chikwatu ngakhale simuzitchula nokha. Chovuta chidali choti pulogalamu siyenda chimanjamanja. Ikadzuka imapapasa kufuna ziwiya zake, timafayilo tothandizira timene amatitcha ma library, pamalo pomwe idazolowera kutipeza. Koyambirira kumene, kafayilo koidzutsa kotchedwa ld-linux.so.2, m'nyumba yatsopanomo munalibe, ndipo ndi kameneko kamene makina ankadandaula kuti sakukaona.

Apo ndidakumbuka agogo anga enieni, obala mayi anga. Chaka china bambo atagulitsa bwino fodya adamanga nyumba ya njerwa ya malata, yoyamba m'mudzi mwathu, ndipo agogo adapatsidwa chipinda chawochawo. Adagonamo masiku atatu okha. Usiku ankapapasa kufuna nkhali yawo osaipeza, ankati malata akulira ngati ng'oma, simenti ikuwalowa m'mafupa, ndipo palibe posonkha moto. Bambo, poti mkamwini sayankhizana ndi apongozi, sadanene kanthu. Adangonola nkhwangwa kukadula mitengo ndi nsungwi, amayi adamweta udzu ndi kuzira pansi, ndipo m'kati mwa mpanda womwewo adawamangira kuka. Tidasamutsiramo mafuwa awo atatu omwe aja, nkhali, mthiko wakuda ndi utsi, zikwatu za mfutso zopachika kudenga, ndi mphasa yawo yothothoka m'mphepete. Posakhalitsa denga lidada ndi mwaye ndipo munkanunkhira nkhwani wotendera. Madzi ankamwa a chitsime chimodzi ndi ife tonse, koma akalowa mmenemo dziko lonse linkathera pakhomo pawo. Alongo anga ankagona komweko, ndipo nthano zonse zimene ndimakusimbirani zidatuluka m'kanyumba kameneko.

Nditamufotokozera zimenezi, mnyamatayo adaomba m'manja. "Ndi zomwezo, malume. Ifenso tiwamangira Agogo kuka. Dzina lake ndi chroot." Adati mawuwo akunena za kusintha tsinde. Mafayilo onse a mu Linux amaphuka pa tsinde limodzi ngati nthambi, ndipo lamulo limeneli limauza pulogalamu kuti foda ino ndiyo tsinde, kunja kwake kulibenso kanthu. Nzeruyi si ya dzulo ayi. Idalowa mu Unix ku Bell Labs mu 1979, ife kuno manja ali mbuu ndi choko, Kamuzu ali pampando, pa Dzaleka padakali ndende osati msasa wa othawa kwawo.

Njira zinalipo ziwiri. Ina inali yomanga kanyumba katsopano ka 32-bit ndi chida cha Debian chotchedwa debootstrap, chimene chimakoka zonse pa intaneti, koma netiweki ya kuno mukuidziwa, mpaka ukwere pachulu, ndiponso ziwiya zake zikadakhala zachilendo kwa pulogalamu yathu. Tidasankha inayo. Adatsegula foda n'kuitcha agogo, nasamutsiramo nyumba yonse yakale monga idaliri, osasiya ndi chipande chomwe. Kenaka adaboola timipata tiwiri, /proc ndi /dev, toti wa m'katimo azitungira pa chitsime cha onse, poti mtima wa makina, umene amautcha kernel, umakhala umodzi, wa laputopu yatsopanoyo. Adalemba linux32 chroot ndi dzina la foda ija, n'kundikankhira laputopu pamiyendo. "Aitaneni nokha, malume."

Zala zanga zinkanjenjemera. Ndidalemba dzina la pulogalamu, ndipo zilembo zoyera zija zidatulukira pa mdima, ndi moni womwe uja adalemba mphunzitsi wa masamu, kachilembo kamodzi kolakwika kali pomwe paja. Ndidaitana mtsikana wina wa cha ku Kongwe amene lero ndi namwino, ndipo adabwera ndi mudzi wake, mfumu yake, ndi fizi imene mayi ake adalipira atagulitsa mtedza. Mayi a kunyumba adalulutira ali kukhitchini, ndipo tambala wathu wofiira sadaone dzuwa likulowa.

Asanabwerere adandisiyira malangizo amene ndidawalemba kuseri kwa kalendala. Kuka si ndende, adatero, munthu wodziwa makina akapeza mphamvu za mwini makina, zotchedwa root, amatulukamo mosavuta, choncho ndisamalowetsemo zinthu zosadziwika kochokera. Ndipo tsiku lofuna kugumula fodayo ndidzayambe ndatseka timipata tija, apo ayi chikwanje chidzafika ndi m'nyumba yaikulu momwe. Adatinso tidachita mwayi kuti ubongo wakale ndi watsopano unali wa fuko limodzi. Ukadakhala wa fuko lina, monga PowerPC ya makompyuta akale a Apple kapena ARM ya m'mafoni mwanumo, pakadafunika womasulira wotchedwa QEMU, ndipo ulaliki wa womasulira mumaudziwa kutalika kwake.

Masiku ano mbumba ya 32-bit ikutha. Opanga Linux ya Ubuntu, dzina la umunthu limene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adasankha mu 2004, adasiya kutulutsa mtundu woika pa makompyuta a patebulo oterewa mu 2017, ndipo Debian 13 ya 2025 nayonso siikidwanso payokha pa makina amenewo. Ana athu aja tidawasamutsira m'kaundula watsopano pang'onopang'ono, kuwatulutsa m'kuka muja mmodzimmodzi, ndipo palibe adasowa. Chophimba cha chitenje chili m'sutikesi mwanga mpaka lero, pansi pa jekete ya ukwati.

Inu amene muli m'masukulu, m'zipatala ndi m'mipingo ya kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, mukapeza bokosi lotuwa lafumbi lili pakona m'chipinda chosungira katundu, musathamangire kuligulitsa kwa ogula zitsulo. Yambani mwatulutsa nkhokwe yake, muikulunge m'nsalu youma, ndipo mukafunse mwana wodziwa chroot kuti akuonereni amene ali m'katimo.